Kung'ambika kwa khosi la khoko la chipolopolo

Kung'ambika kwa khosi la khoko la chipolopolo ndi vuto limene limachitika pamene mbali yopyapyala ya kukamwa kwa khoko yachita mng'alu. Khoko ndi kachitini kamene kamasunga wonga, ndipo khosi lake ndilo limagwira mutu wa chipolopolo. Makoko ambiri amapangidwa ndi brass, chitsulo chosakaniza magawo pafupifupi 70 a mkuwa ndi magawo 30 a zinki pa 100 aliwonse. Khosi likang'ambika, mutu umakhwepa ndipo mpweya wotentha ukhoza kutulukira polakwika n'kuwononga mfuti kapena kuvulaza wowombayo.

Zoyambitsa

Choyamba ndi kuuma kwa chitsulo. Brass ikamapindidwa kapena kufinyidwa mobwerezabwereza imauma n'kukhala yosachedwa kusweka, monga waya amene amaduka akapindidwa kangapo pamalo amodzi. Mfuti ikalira khosi limatanuka. M'mayiko monga United States ndi South Africa, kumene alenje ena amadzazanso makoko ogwiritsidwa kale ntchito, khosilo amalifinya kuti libwerere mwakale. Kutanuka ndi kufinyidwa kumeneku kukachitika kangapo, khosi limang'aluka.

Chachiwiri ndi amoniya, mpweya wa fungo loswa mphuno umene umatuluka mumkodzo ndi m'manyowa. Amoniya akakumana ndi chinyezi amadya brass pamalo amene chitsulocho chili chokokeka, ndipo khoko limang'ambika lili chikhalire, losawombedwa n'komwe.

Mbiri

Asilikali a Britain ku India anaona kuti zipolopolo zawo zinkang'ambika makosi m'nyengo ya mvula yamphamvu, choncho vutoli analitcha season cracking, kutanthauza kung'ambika kotsata nyengo. Zipolopolozo ankazisunga m'makola a akavalo. Mu 1921 akatswiri a zitsulo Moore, Beckinsale ndi Mallinson anafotokoza kuti gwero lake linali amoniya, pamodzi ndi kukokeka kumene kumatsalira m'chitsulo popanga makoko.

Kapewedwe

Njira yaikulu ndi kufewetsa khosi ndi moto, imene pa Chingerezi amati annealing. Kutentha kumachotsa kukokeka kuja ndipo chitsulo chimayambanso kupindika osasweka. Amatenthetsa khosi lokha la khoko lopanda kanthu, chifukwa tsinde liyenera kukhala lolimba kuti lipirire mphamvu ya wonga. N'chifukwa chake makoko ambiri a asilikali amaoneka osintha mtundu chakukhosi. Odzazanso makoko amapewa kufinya khosi mopitirira muyeso, sapukuta makoko ndi mankhwala okhala ndi amoniya, ndipo khoko lililonse looneka mng'alu amalitaya.

Ku Malawi

Ku Malawi lamulo la Firearms Act limafuna kuti munthu akhale ndi chiphaso asanasunge mfuti kapena zipolopolo, ndipo eni mfuti amagwiritsa ntchito zipolopolo zopangidwa kale kufakitale. Choncho nkhani yaikulu kuno ndi kasungidwe. M'boma la alimi ngati Mchinji, kumalire a Zambia ndi Mozambique, mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo makomo ambiri ali ndi makola a ziweto komanso matumba a feteleza wa urea, amene akanyowa n'kuyamba kuwonongeka amatulutsa amoniya. Zimene zinachitika m'makola a akavalo ku India zikhoza kuchitikanso m'chipinda chotere. Zipolopolo ziyenera kukhala pouma, m'bokosi lotseka bwino ndi lokhoma, kutali ndi khola ndi feteleza.