GALU WODZIKANDA: OILO WA GALIMOTO SI MANKHWALA

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pacabe. Mwambiwu unena za kukanda pansi, koma ndi woonanso kwa galu amene acezera kudzikanda thupi usiku wonse. Kuyambira mwezi wa June kufikira October, pamene mphepo ndi fumbi zimaculuka, agalu ambiri m'makomboni a Chimwemwe ndi Wusakile ku Kitwe, kapena Chifubu ndi Lubuto ku Ndola, amaoneka otuwa, ubweya uli kuthothoka. Eni agalu ena amathamangira ku galaji kukapempha oilo wakuda wocotsedwa m'injini ndi kupaka galuyo thupi lonse. Ena amamuthira palafini.

Nkhaniyi ikhudza umoyo wa banja cifukwa galu ameneyu ndiye amasewera ndi ana pakhomo, ndipo ena mwa matenda ake a pakhungu amafika kwa anawo.

Cimene cimamuyabwa

Mwini galu ayenera kuyamba wafufuza asanapake ciliconse. Kawirikawiri vuto ndi utitiri. Kautitiri kamodzi kakakazi kangaikire mazira ofika 50 pa tsiku, ndipo mazirawo amagwera pa saka pamene galu amagona.

Vuto laciwiri ndi mphere. Tizilombo take sitioneka ndi maso. Timaboola khungu ndi kuikira mazira m'katimo. Mphere zimayambira m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi pamimba, ndipo galu amadzikanda mpaka kutuluka magazi. Lacitatu ndi zipere, zimene zimasiya malo ozungulira opanda ubweya.

Ngati zonsezi palibe, koma khungu langouma ndi kutuwa, ndiye kuti vuto lingakhale cakudya kapena sopo amene galuyo amasambitsidwa naye.

Kuipa kwa oilo wakuda

Oilo amene wagwira nchito m'injini amakhala ndi zitsulo zapoizoni monga mtovu, ndiponso mankhwala ena oyambitsa khansa ya pakhungu. Galu amadzinyambita, motero poizoniyo amalowa m'mimba, ndipo galu angayambe kusanza, kutsegula m'mimba, ngakhale kufa kumene. Mwana amene wagwira galuyo ndi kudya vitumbuwa osasamba m'manja nayenso wamezako. Palafini amawaula khungu, ndipo akalowa m'mapapo amabweretsa cibayo. Mankhwala opopera thonje kapena ndiwo zamasamba apha agalu ambiri, ndipo angaphe mwana.

Mafuta othandiza ndi a m'cakudya

Khungu limafuna mitundu iwiri ya mafuta imene thupi la galu silingapange lokha mokwanira. Mtundu umodzi upezeka m'saladi wophikira wa mpendadzuwa kapena wa soya, winawo upezeka m'nsomba. Galu wodya nsima yogona yokha tsiku ndi tsiku sapeza mafuta amenewa mokwanira.

Kwa galu wolemera makilo 10 mpaka 15, kasupuni kamodzi ka tiyi ka saladi, kosakaniza m'nsima yake tsiku lililonse, nkokwanira. Kapenta wa ku Mpulungu kapena ku Siavonga, amene sasowa pa msika wa Chisokone ndi wa Masala, apatsidwe wodzaza dzanja kawiri kapena katatu pa mlungu. Ayambe waviikidwa m'madzi kuti mcere ucoke. Dzira lowiritsa limathandizanso. Ndiwo zotsala za anyezi wambiri zisapatsidwe kwa galu cifukwa anyezi amaononga magazi ake.

Mafuta akaculuka galu amatsegula m'mimba. Mwini asayembekezere kusintha pa masiku awiri ai. Pamapita milungu 6 mpaka 8 kuti ubweya uyambe kusalala. Cina cofunika kudziwa ndi cakuti saladi sapha utitiri kapena mphere, ngakhale atapakidwa pakhungu.

Galu asambitsidwe ndi madzi ofunda ndi sopo wosambira wamba, kamodzi pa milungu iwiri kapena itatu, ndipo thovu lonse litsukuluzidwe. Sopo wa ufa wocapira zovala amaumitsa khungu kwambiri. Pa zigongono zong'aluka pangapakidwe Vaseline pang'ono. Saka yake icapidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa padzuwa mlungu uliwonse.

Pamene ana ayamba kudzikanda

Mphere za galu zimatulutsa tiziphuphu tofiira toyabwa m'mikono, pacifuwa ndi pamimba pa mwana amene amanyamula galuyo. Sizikhalitsa pa munthu, ndipo zimatha pa milungu yocepa galu akacira. Zipere za m'mutu mwa mwana ndizo zovuta. Mankhwala opaka okha sazithetsa. Pafunika mapilisi a griseofulvin amene mwana amamwa milungu 6 mpaka 8. Mwana wotere, kapena amene zilonda zake zayamba mafinya, apite naye ku kiliniki ya m'komboni. A kiliniki ndiwo adzaona ngati afunika kutumizidwa ku cipatala ca Arthur Davison ku Ndola kapena ku Kitwe Teaching Hospital.

Galu nayenso apite naye ku ofesi ya dokotala wa ziweto ya pa boma. Kumeneko mphere zimacizidwa ndi nyeleti ya ivermectin, imene imabwerezedwa pakapita milungu iwiri, kapena ndi mankhwala osambitsa a amitraz osungunulidwa pa muyeso wake. Agalu onse a pakhomo alandire mankhwala nthawi imodzi. Pa ulendo womwewo mwini asaiwale katemera wa ciwewe, pakuti lamulo la dziko lino limafuna kuti galu aliyense atemeredwe.

Mlonda wa pakhomo ayenera kasupuni ka saladi m'mbale yake. Oilo wakuda atsale ku galaji.