Ogula zakale ndi pisitoli ya ku Burma

Ku Chadiza wogula zinthu zakale alibe sitolo kapena chikwangwani. Amatsika panjinga yamoto n'kuyamba kufunsa za nsimbi yamakala ya agogo, sitovu ya Primus, ndi makobidi obooka pakati a nthawi ya chitaganya. Akaona kuti eni khomo amasuka, amatsitsa mawu: "Nanga mdala uja anapita kunkhondo sanasiye kanthu?"

Safunsa mwamaloto. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment, ena mwa iwo olembedwa kuno kudera la Fort Jameson (Chipata ya lero), anamenyana ndi Ajapani ku Burma pamodzi ndi a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland. Gulu la 11th East African Division linadutsa chigwa cha Kabaw mvula ili mkati, mpaka kukafika ku Kalewa pamtsinje wa Chindwin mu Disembala 1944. N'chifukwa chake lero kuli Arakan Barracks ku Lusaka, Chindwin ku Kabwe ndi Kalewa ku Ndola. Wogulayo amalakalaka pisitoli ya Ajapani yotchedwa Nambu itabisala m'bokosi lachitsulo. Koma malamulo a atsamunda sankalola munthu wakuda kusunga mfuti yotere mwachisawawa, ndiye anthu ambiri anabwera ndi mamendulo okha. Komanso kuno ndi kumalire a Mozambique, kumene nkhondo inatha mu 1992. Pisitoli ikafukulidwa m'munda cha ku Chanida, yambani mwaganiza za nkhondo imeneyo musanaganize za Burma.

Pantchito imeneyi pamadya anthu angapo, ndipo amene amalipira msanga ndiye amadziwa zochepa. Wogula zitsulo pasikelo amangoona makilo. Wosula, uja amakonza makasu ndi gogodela, ali ndi luso m'manja, koma akaona dzimbiri mtima wake umathamangira kupala ndi sandipepa kuti chiwale. Apa ndi pamene mtengo umafera. Osonkhanitsa mfuti zakale amafuna mtundu wake wakufakitale ngakhale utafwifwa, ndipo yopalidwa kapena kupakidwa utoto amaitaya mtengo nthawi yomweyo.

Katswiri weniweni, amene amapezeka kumaokushoni a ku Ulaya ndi ku America kapena kunyumba zosungiramo zakale, amagwira ntchito ndi maso ndi mabuku. Amayamba ndi mtundu. Kijiro Nambu ndiye anaipanga, ndipo yofala kwambiri ndi Type 14, yomwe asilikali a Japan anaivomereza mu 1925. Imalowa zipolopolo 8 za mamilimita 8, ndipo kwa wosadziwa imafanana ndi Luger ya ku Germany. Type 94 ya mu 1934 ndi yaing'ono, yosaoneka bwino, ya zipolopolo 6. Ili ndi kachitsulo koonekera kumanzere komwe kangathe kuiwombetsa munthu akakakanikiza, chala chisanakoke n'komwe. Yosowa ndi Baby Nambu ya mamilimita 7, yomwe anapanga pafupifupi 6,500 zokha.

Kenako amawerenga deti, ndipo apa m'pamene ntchitoyi imakoma. Ajapani sanalembe 1943. Analemba chaka cha ufumu wa Hirohito, kadontho, kenako mwezi. Pachaka chimenecho mumaphatikiza 1925. Motero 18.6 ndi Juni 1943, 19.11 ndi Novembala 1944. Deti likadziwika, china chilichonse chiyenera kugwirizana nalo. Mphete yotchinga chala anaikulitsa mu 1939, kuti msilikali wovala magolovesi m'chisanu cha ku Manchuria athe kuwombera. Ndiye Type 14 yolembedwa 10.4 koma ya mphete yaikulu inasinthidwa pambuyo pake. Nkhondo itayamba kuwathina Ajapani, ntchito nayo inayamba kuchitidwa mothamanga: chitsulo chosasalala, zigwiriro zathabwa za mizere yochepa, pomaliza zopanda mizere n'komwe. Chizindikiro cha fakitale chimanena ngati inachokera ku Nagoya, Tokyo kapena Kokura. Pomaliza amaphwasula n'kuona ngati manambala otsiriza a nambala ya mfutiyo akubwerezedwa pa tizitsulo tam'kati ndi pa magazini. Magazini yobwereka kumfuti ina imatsitsa mtengo. Chikwama chake chachikopa chikakhalapo, pamodzi ndi magazini yachiwiri ya nambala yomweyo, mtengo umakwera.

Wavenda wa panjinga yamoto sadziwa zimenezi, ndipo kunena zoona sazifuna. Iye malonda ake ndi mphekesera, zonga zija zakuti nsimbi yakale ili ndi chuma m'kati. Amatchula mamiliyoni, kenako n'kupempha ndalama "yokayezetsera" ku Lusaka. Type 14 wamba si chinthu chosowa kunja, chifukwa asilikali a America anapita nazo kwawo zambirimbiri.

Wina amene anthu amamuiwala ndi wapolisi. Mu Zambia lamulo la Firearms Act limafuna laisensi kwa aliyense wosunga mfuti, ndipo ukalamba wa Nambu suichotsa m'gulu la mfuti. Woipeza asaikoke, asaiyese, asainyamule m'basi kupita ku Chipata; akauze amfumu ndi apolisi. Chipolopolo cha zaka 80 chingathe kulira.

Ine ndimaona kuti ogula athu amafunsa chinthu cholakwika. Kumaokushoni, mfuti yokhala ndi kalata yosonyeza msilikali amene anailanda ndi malo ake imaposa inzake yopanda mbiri. Kuno chomwe mabanja angakhale nacho ndi mbiriyo: chithunzi cha mdala atavala yunifomu, kabuku komutulutsira usilikali, mendulo ya Burma Star. Angerezi ankapereka mendulo imeneyi osalembapo dzina, choncho ikasiyana ndi kabuku kaja palibenso wodziwa mwini wake. Wogula amatenga mendulo yokha, mapepala n'kuwasiya kuti alibe ntchito.