Kuchokera ku Nkhata Bay Kukafika ku London

Pa msika wa Nkhata Bay pamamveka maina a malo akutali. Pakati pa madengu a usipa, batala ndi ufa wa kondowole, amayi amafunsana za ana awo amene ali ku Johannesburg kapena ku London. Atonga a m'bomali ndi anthu oyenda kuyambira kale, pamene amuna ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Koma kodi ku London n'kutali bwanji?

London ndi likulu la dziko la Britain, ku Ulaya. Wopita kumeneko amayamba wakwera basi ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kukafika ku Lilongwe, kumene kuli bwalo la ndege la Kamuzu, ku Lumbadzi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London, mowongoka ngati mmene iulukira mbalame, pali makilomita pafupifupi 8,000, kapena kuti mamailosi 5,000. Nyanja ya Malaŵi njotalika makilomita pafupifupi 580. Tsono kuti mtundawo ukwane, pangafunike nyanja zotere 14 zondandalikidwa motsatizana.

Mtunda wotere sayeza ndi rula pa mapu a papepala, chifukwa dziko lapansi ndi lobulungira ngati lalanje, ndipo mapu amalikuza pena ndi kulichepetsa pena. Njira yabwino ndiyo kutenga chifanizo chobulungira cha dziko, nkukoka ulusi kuchokera pa Lilongwe kufika pa London. Ulusiwo ukakungika, wasonyeza njira yachidule koposa. Umadutsa pa chipululu cha Sahara, nyanja ya Mediterranean ndi dziko la France.

Ndege yaikulu imauluka makilomita oposa 800 pa ola limodzi, choncho ikadatha mtundawo m'maola ngati khumi. Koma aulendo a masiku ano amasintha ndege pa njira. Wodzera ku Addis Ababa, m'dziko la Ethiopia, amauluka makilomita pafupifupi 8,500 onse pamodzi. Wodzera ku Johannesburg amayamba walowera kumwera, kufulatira kumene akupita, ndipo ulendo wake umapitirira makilomita 10,500. Tikaonjezapo maola odikira ndege yachiwiri, tsiku lathunthu limatha. N'chifukwa chake kholo limene mwana wake wanyamuka m'mawa lisayambe kuda nkhawa likaona kuti dzuwa lalowa osamva kanthu.

Kale ulendo wa pakati pa Britain ndi dziko lino unkatenga milungu. Sitima ya Ilala, imene imakocheza pa doko pafupi ndi msikawu, inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949. Inabwera zidutswazidutswa, poyamba pa nyanja yamchere mpaka ku Mozambique, kenaka pa njanji, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951.