Maola 8 ku Xiamen: Tchalitchi Chimene Chinatsekedwa, Mpingo Osafa

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2024 tinachita mwayi woyenda ulendo wa pa nyanja yaikulu, pa chombo chonyamula alendo okaona malo. Ana athu amene akugwira ntchito kunja ndiwo anatilipirira. Chombo chotere chimayenda usiku, ndipo kukacha chimakocheza pa doko kuti anthu atsike, aone mzinda, ndi kubwerera dzuwa lisanalowe. Wochedwa sadikiridwa. Mwa madoko onse amene tinatsikapo tifuna kukusimbirani za limodzi, la Xiamen m'dziko la China, chifukwa kumeneko tinapezako mbiri yofanana ndi yathu.

Xiamen, mzinda umene mabuku akale amautcha Amoy, uli m'chigawo cha Fujian, kum'mwera chakum'mawa kwa China, moyang'anana ndi Taiwan. Kalembera wa mu 2020 anapeza kuti mumzindamo muli anthu opitirira 5 miliyoni. Pofika mbandakucha tinaona makina aatali okweza katundu atandanda m'mphepete mwa nyanja, makontena atasanjikizana ngati njerwa pa uvuni. Tinapatsidwa maola 8 okha. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo tsikulo mame tinali ifeyo.

Wotitsogolera anali mtsikana waulemu wolankhula Chingerezi. Poyamba anatikweza boti la mphindi ngati 20 kupita ku kachilumba kotchedwa Gulangyu, kamene kukula kwake sikufika masikweya kilomita awiri. Kumeneko anthu amayenda pansi, ndipo katundu amamukoka pa ngolo zamanja m'tinjira tokhotakhota tokwera ndi kutsika. Nyumba zambiri ndi zakale, zomangidwa ndi amalonda ndi akazembe a mayiko akunja, ndiponso ndi Atchaina amene analemera kunja nabwerera kwawo. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika kachilumbaka pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse. Tinakwera thanthwe la Sunlight Rock, lalitali mamita oposa 90, mawondo akudandaula, ndipo tili pamwamba tinaona madenga ofiira, nyanja, ndi nyumba zosanja za mzinda kutsidya.

Kachilumbaka kamatchuka ndi mapiyano, kotero kuti m'munda wa Shuzhuang muli nyumba yosungiramo mapiyano akale. Titafunsa chiyambi chake, mtsikana uja anati zida zoimbirazi zinabwera ndi amishonale, ndipo anthu anaphunzira kuimba m'matchalitchi ndi m'masukulu a mishoni. Apa ndi pamene makutu athu anatseguka.

Pa nkhomaliro anatipatsa msuzi wa mtedza wotsekemera, umene unatikumbutsa phala lotendera la kwathu, ndi tiyi m'timakapu ting'onoting'ono. Tinaphunziraponso chinthu chosangalatsa. M'chinenero cha ku Xiamen chakumwachi amachitcha te. Amalonda a ku Holland anatenga dzinalo kupita nalo ku Ulaya, Angerezi nalilandira, ndipo ndi mmene ife tinapezera mawu akuti tiyi. Apwitikizi, amene ankachita malonda ku Macau, anatenga dzina lina, lakuti chá. Motero mayina onse awiri amene timawamva m'misika ya ku Ulongwe ndi ku Tete anachokera ku magombe a China.

Masana tinabwerera mumzinda ndipo basi inatisiya pa msewu wa masitolo wa Zhongshan. Tinapatsidwa maola awiri ogula mphatso. M'thumba tinali ndi kapepala ka zinthu zimene adzukulu anatituma, komanso tinali titawerenga kuti pafupi pomwepo pali tchalitchi cha Xinjie. Nthawi yochitira zonse ziwiri panalibe. Tinapempha mtsikana uja kuti atilozere njira. Iye anatichenjeza kuti basi sidzadikira munthu, natilembera dzina la tchalitchicho m'zilembo za Chitchaina kuti tizionetsa anthu m'njira. Tinasochera kawiri m'tinjira topanikiza, mpaka bambo wina wogulitsa zipatso anasiya benchi lake natiperekeza kufika pa chipata.

Mbiri ya tchalitchichi iyenera kunenedwa mosabisa. Kuyambira 1839 mpaka 1842 dziko la Britain linamenyana ndi China pa nkhani ya malonda a opiamu, mankhwala ozunguza bongo amene boma la China linkawaletsa. China itagonja, pangano la ku Nanjing la mu 1842 linatsegula madoko 5 kwa anthu akunja: Guangzhou, Xiamen, Fuzhou, Ningbo ndi Shanghai. Amishonale analowa pa khomo limene mfuti zinathyola, ndipo chifukwa cha ichi Atchaina ambiri kwa zaka zochuluka ankaona Chikhristu ngati chipembedzo cha adani.

M'chaka chomwecho cha 1842 mbusa David Abeel anafika ku Gulangyu. Iye anali wa mpingo wa Reformed wa ku America, umene mizu yake ili ku Holland, monganso mipingo ya Reformed ya kwathu kuno imene inabwera kudzera ku South Africa. Ntchito inayenda pang'onopang'ono. Oyamba kubatizidwa anali amuna awiri achikulire, mu 1846, patapita zaka zinayi. Mu 1848 kunamangidwa tchalitchi cha Xinjie, chimene chimadziwika ngati choyamba cha Chiprotestanti chomangidwira Atchaina m'dzikomo. Nyumba imene tinaiona ife ndi yomangidwanso m'zaka za m'ma 1930 pa malo omwewo.

Pali zinthu ziwiri zimene Akhristu a ku Xiamen anachita msanga. Choyamba, anapereka Mawu a Mulungu m'chinenero cha pakhomo. Zilembo za Chitchaina zilipo masauzande, ndipo kuziphunzira kumatenga zaka, mwayi umene alimi, asodzi ndi amayi ambiri analibe. Amishonale, mmodzi wa iwo John Van Nest Talmage, pamodzi ndi Akhristu a komweko, anakonza njira yolembera chinenero cha ku Xiamen ndi zilembo zonga zathuzi. Chipangano Chatsopano chinatuluka m'kalembedwe kameneka mu 1873, ndipo agogo amene sanapondeko kusukulu anayamba kudziwerengera okha.

Chachiwiri, udindo unaperekedwa kwa eni dziko. Mu 1862 mipingo yoyambitsidwa ndi a Reformed a ku America ndi ya a Presbyterian a ku England inapanga bwalo limodzi la akulu a mpingo, ngakhale kuti sinodi ya ku America poyamba sinakondwere nazo. Mu 1863 abusa awiri oyamba a Chitchaina anadzozedwa, ndipo mipingo yawo ndiyo inkawalipira.

Nzeru imeneyi inadzaoneka phindu lake pa tsiku la mavuto. Chikomyunizimu chitatenga boma mu 1949, amishonale onse anachoka m'zaka zochepa zotsatira. Mu 1966, pa chiyambi cha chipwirikiti chotchedwa Cultural Revolution, matchalitchi m'dziko lonse anatsekedwa, Mabaibulo ambiri anatenthedwa, abusa ena anamangidwa ndipo ena anatumizidwa kukagwira ntchito ya kalavulagaga. Koma pamene matchalitchi anayamba kutsegulidwanso mu 1979, anthu anadzaza mabenchi. Chikhulupiriro chinali chitasungidwa m'nyumba, m'mapemphero a kunong'ona ndi m'mavesi oloweza pamtima. Mpaka lero mipingo ya ku China imayang'aniridwa ndi boma, ndipo amene amasonkhana popanda kulembetsa amakumana ndi zovuta.

Titalowa m'tchalitchimo tinapeza amayi ochepa akuphunzira nyimbo. Mawu sitinamve ngakhale amodzi, koma maimbidwe ake tinawazindikira, pakuti ndi nyimbo imene ili m'buku lathu la nyimbo. Tinakhala pa benchi lakumbuyo n'kumatsatira chapansipansi m'Chichewa. Agogo ena a imvi mbuu anatembenuka, natiyandikira. Tinawaonetsa Buku Lopatulika limene timayenda nalo. Analitenga ndi manja awiri, nalitembenuza, kenaka anatsegula Baibulo lawo, naloza manambala a mutu ndi ndime. Tinafufuza m'lathu powerenga mabuku motsatana kufikira tinapeza kuti ndi Salmo 23. Iwo anawerenga m'chinenero chawo, ife m'chathu, ndipo pomaliza tonse tinanena Amen, mawu okhawo amene tinamvana.

Pamenepo tinakumbukira za kwathu. Mishoni ya ku Mphatso, ku Angónia, inatsegulidwa mu 1909, ndipo mu 1922 boma la Apwitikizi linaitseka. Amishonale anachoka, koma m'chaka chomwecho cha 1922 Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'chinenero chathu. Makolo athu anakhala zaka zambiri opanda mbusa wokhala pakati pawo. Ankapemphera m'midzi motsogozedwa ndi akulu a mpingo, ndipo ena ankayenda pansi kuwoloka malire kukabatiza ana ndi kukadya Mgonero ku Nyasaland. Chimene chinasunga mpingo ku Xiamen ndi chomwe chinausunga kuno: anthu wamba odziwa kuwerenga Mawu m'chinenero chawo, ndi atsogoleri ochokera pakati pawo.

Tinafika pa basi titatsala ndi mphindi zowerengeka, thukuta lili kamukamu, m'manja mulibe mphatso ina iliyonse. Adzukulu anadandaula titafika kwathu, ndipo tinawapepesa.

Tsono funso limene tinabwera nalo tikulipereka kwa inu. Zitachitika kuti zitseko za tchalitchi chathu zatsekedwa kwa zaka 13 monga zinachitikira ku China, kodi m'nyumba mwathu mungatsale chiyani? Ana athu ambiri amaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo ena akapatsidwa Buku Lopatulika amachita chibwibwi. M'mipingo ina chopereka cholipirira abusa chimadikira thandizo lakunja. Tikupempha akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano ndi aphunzitsi a Sande Sukulu kuti akambirane zinthu ziwirizi pa misonkhano yawo ikubwerayi, ndipo banja lililonse lipatule nthawi madzulo yoti mwana mmodzi awerenge mokweza ndime imodzi m'Chichewa. Pa pemphero la madzulo amenewo tikumbukirenso abale athu a ku Xiamen. Werengani 2 Timoteo 2:2. Ambuye akudalitseni nonse.