Pemiti ku Joni: muulule kapena mubise?

Sabata ino tikambirane nkhani yomwe ikusowetsa tulo abale athu ambiri osaka ntchito ku South Africa. Mwaitanidwa ku intavyu ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ndiye ajenti wolembera anthu ntchito wakufunsani kuti: "Pemiti muli nayo?" Munene zoona, kapena mungoti eya bola mulowe kaye?

Langizo langa ndi lakuti nenani zoona, ndipo nenani msanga.

Ajentiyo sakufunsa mwankhanza ayi, nayenso akuopa lamulo. Lamulo la dzikolo la m'chaka cha 2002 loona za alendo limaletsa bwana kulemba ntchito mlendo wopanda chilolezo, ndipo bwana wopezeka wolakwa atha kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa kumene. Dziwaninso kuti chidindo cha masiku 30 chomwe Mmalawi amadindiridwa pa Beitbridge n'chokachezera basi, osati chogwirira ntchito.

Ngati mapepala anu ali bwinobwino, mubisiranji? Lembani pa CV pomwepo mtundu wa pemitiyo ndi tsiku lomwe ikutha mphamvu. Mwamuchotsera bwana chikaiko asadakuoneni n'komwe.

Ngati mulibe, koma muli ndi luso monga unamwino kapena uinjiniya, muuzeni ajenti poyambirira penipeni kuti mudzafuna kalata ya kampani pokapempha pemiti ku Home Affairs. Ena akana, inde, koma bola kukanidwa lero kusiyana n'kuchotsedwa mwamanyazi mutalowa kale nyumba ya lendi.

Choopsa kwambiri ndi pemiti yogula pakona. Imeneyo ndi mlandu wokalowa nawo m'ndende, ndipo mathero ake ndi ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kumudzi chimanjamanja. Kuyambira mu 2014, ngakhale wongopyoletsa masiku amaletsedwa kulowanso m'dzikolo: chaka chimodzi ngati sadapyole masiku 30, zaka zisanu ngati wapyola pamenepo.

Komatu kuulula si kugonja. Muonetseni ajenti pasipoti, mupatseni fotokope, koma chitupa chenichenicho chibwerere m'thumba mwanu. Wokuuzani kuti "siyani pasipoti ndi ndalama, pemiti tikukonzerani" muthaweni. Mufunseni dzina la kampani ndi komwe kuli ofesi yake, paja safunsa adadya phula.

Kwa inu amene muli kale pantchito opanda mapepala, musaganize kuti mulibe polirira. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khothi loona za ntchito lidagamula kuti mlendo wopanda pemiti ndi wantchito ndithu, ndipo atha kukadandaula ku CCMA akachotsedwa mopanda chilungamo. Chigamulochi sichikupatsani pemiti, koma bwana asakudyereni thukuta poopseza kuti akuitanirani apolisi.

Tsono musadakwere basi pa Wenela, yambani mwafunsa za mapepala. Ana omwe mwawasiya kumudzi akudikira ndalama ya fizi, osati uthenga woti bambo awo ali m'chitolokosi.