Zitunda Zazitali za Dziko Lathu: Kumene Wopalasa Njinga Angayesere Mphamvu Zake

Gawo Lachitatu

Sabata yatha tinakambirana za kasamalidwe ka njinga, makamaka tcheni, matayala ndi mabuleki. Lero tituluke nayo panja njingayo. Achinyamata ambiri amene ayamba kupalasa pofuna kulimbitsa thupi kapena kukonzekera mipikisano amafunsa funso limodzi: kodi chitunda chabwino chophunzirirapo tingachipeze kuti? Funsoli lingaoneke lachibwana m'dziko lodzaza mapiri ngati lathu lino, komatu si phiri lirilonse limene lingathandize wopalasa.

Zitunda ziripo za mitundu iwiri. Pali chachifupi koma choima njo, chimene munthu amachigonjetsa ndi ukali kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, nafika pamwamba ali wefuwefu. Pali chinanso chachitali, chokwera pang'onopang'ono mosadukiza, chimene chimatenga theka la ola, ola lathunthu ngakhale kupitirira apo. Chachiwirichi ndicho tikufuna. Pa chitunda chotere mtima ndi mapapo zimagwira ntchito mofanana kwa nthawi yaitali, ndipo m'menemo ndi m'mene zimalimbira.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Tsiku loyamba kukwera phiri la Zomba ndinanyamuka ngati ndikuthamangitsidwa, ndipo ndisanathe makilomita awiri ndinali nditatsika, nditatsamira mtengo. Posakhalitsa anandipeza bambo wina wachikulire, pa njinga yakale yonyamulira nkhuni, akupalasa mosafulumira konse. Anandipatsa moni, nati, "Mwana wanga, phiri sathamangira." Sindinawapezenso mpaka pamwamba. Akulu akale sananame ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga chitunda timachiyeza bwanji? Apa aphunzitsi a masamu ndi a jogalafe ali ndi phunziro lokoma loti achite ndi ophunzira awo. Kupendekeka kwa msewu timakupeza pogawa mamita amene takwera ndi mamita amene tayenda. Msewu ukakwera mamita 5 pa mamita 100 alionse, timati ukukwera 5 pa 100. Wongoyamba kumene afune msewu wa 3 mpaka 5 pa 100. Wozolowera amakondwa ndi 6 kapena 7. Kupitirira 10 ndi ntchito yowawa, ndipo ambiri amatsika n'kuyamba kukankha.

Chida choyezera ndi mapu a boma a muyeso wa 1:50,000, pamene masentimita 2 amaimira kilomita imodzi. Tengani ulusi, muutsatitse msewu m'makhotamakhota ake onse, kenaka muuyeze pa lula kuti mudziwe kutalika kwa ulendo. Mukatero werengani mizere yosonyeza kukwera kwa nthaka imene msewuwo wadula. Mizereyo ikatalikirana mofanana, chitundacho n'chokhazikika. Ikathithikana pamalo amodzi, dziwani kuti pamenepo mudzatuluka thukuta. Chenjerani ndi mapu akale, chifukwa ambiri amayeza kukwera m'mafiti osati m'mamita. Masiku ano mafoni ena amasonyeza zonsezi mosavuta, koma wodziwa kuwerenga mapu sasochera batire ikatha.

Tsono tiyang'ane dziko lathu. Malawi ali m'Chigwa Chachikulu cha Afirika. Madzi a nyanja yathu ali pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, chigwa cha Shire chiri pansi koposa apo, pamene mizinda yathu ikuluikulu iri pamwamba, pa mamita 1,000 kapena kuposa. Chotero msewu uliwonse wochoka kunyanja kapena ku Shire kulowera kumtunda uyenera kukwera basi. Chinsinsi chopezera zitunda zazitali n'chomwechi: funani pamene msewu ukuchoka m'chigwa.

Tiyambe ndi Zomba, mzinda umene unali likulu la dziko lino kufikira 1975. Kuchokera m'tauni kukafika ku Ku Chawe ndi makilomita osapitirira 10, koma wopalasa amakwera mamita pafupifupi 600. Owerenga achite okha masamuwo, apeza kuti ndi 6 kapena 7 pa 100. Msewu ndi wa tala, magalimoto akuluakulu ndi ochepa, ndipo malo opumirako miyendo ndi osowa. Amene ali ndi mphamvu zotsala angapitirire kukaona damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzindawo. Chitunda chimenechi n'chabwino poyesera mphamvu mwezi ndi mwezi: lembani nthawi imene mwatenga, ndipo mwezi wotsatira mudzaone ngati yachepa.

Chachiwiri ndi cha Chikwawa. Kuchokera pa mlatho wa Kamuzu pa Shire kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo kukwera kwake kumaposa mamita 900. Ntchito yeniyeni imayamba mukangodutsa pa Thabwa, pamene msewu umayamba kukhotakhota m'mbali mwa mapiri. Mukacheuka mumaona Shire akupindika m'chigwa ndi minda ya nzimbe chapatali. Koma msewu umenewu uli ndi adani awiri: kutentha ndi malole. M'mwezi wa Okutobala kutentha kwa kuchigwa kumafika madigiri 40, ndipo wonyamuka dzuwa litakwera akudziika pangozi. Nyamukani mbandakucha, botolo la madzi liri lodzaza.

M'chigawo chapakati muli msewu umene ambiri amautcha Khwekhwerere, wochoka pa Golomoti kukatulukira pa Masasa, pa msewu waukulu wa pakati pa Ntcheu ndi Dedza. Kwa ine, umenewu ndiwo wokoma koposa yonse. Umakwera mamita oposa 800, uli ndi makona ambiri opindika ngati chigongono, ndipo kukaera bwino nyanja imaoneka kumbuyo. Munthu amanyamuka pakati pa milambe nakafika kumene amalima mbatatesi. Kusinthaku kuli ndi chifukwa chake: mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene takwera. N'chifukwa chake wanzeru amanyamula juzi ngakhale akunyamuka kukutentha, pakuti thukuta la m'chigwa limasanduka chisanu pamwamba.

Kumpoto, wongoyamba kumene angakonde msewu wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu, wa makilomita pafupifupi 47. Mzuzu ali pa mamita pafupifupi 1,250, ndiye kuti ulendo wonse ndi wosakwana 2 pa 100. Komabe apa mpamene masamu anganamize munthu. Msewuwu umakwera, n'kutsika, n'kukweranso, ndipo kukwera kwambiri kuli chakumapeto, miyendo itatopa kale. Phunziro lake ndi lakuti tisamangoyang'ana chiyambi ndi mathero, koma tiwerenge mizere ya pamapu kilomita ndi kilomita.

Zitunda ziwiri zotchuka za kumpoto ndizitchule ndi chenjezo. Cha Chiweta n'choima kwambiri, ndipo ndi njira ya malole olemera ochokera ku Tanzania, amene pamakona amadzaza msewu wonse. Msewu wa Gorodi, wochoka pa Chitimba kukwera ku Khondowe kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894, uli ndi makona okwana 20, koma ndi wamiyala, wosayenera njinga ya matayala opyapyala.

Kakweredwe kake n'kotani? Sankhani giya yopepuka musanatope, kuti miyendo izizungulira mosavuta m'malo mokankha mwamphamvu, pakuti giya yolemera imapweteka maondo. Khalani pa chishalo nthawi zambiri, ndipo muimirire pokhapokha pamene paima kwambiri. Muyeso wabwino wa liwiro ndi uwu: ngati simungathe kuyankha moni wa munthu wa m'njira, mukufulumira kwambiri. Imwani madzi ludzu lisanafike, ndipo nthochi kapena mbatata yophika ikhale m'thumba. Wokhala ndi njinga yopanda magiya asataye mtima. Ayambe ndi gawo lochepa la chitunda, naonjezere sabata ndi sabata, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Potsiriza tinene mau olemera koposa onse. Walira mvula walira matope: amene wakwera ayenera kutsika, ndipo ngozi zoopsa zimachitika potsika. Mabuleki a mphira akagwiridwa mosalekeza kwa makilomita ambiri amatenthetsa limu, mphirayo imaleka kugwira bwino, ndipo nthawi zina chubu chimaphulika. Gwirani ndi kusiya, gwirani ndi kusiya, ndipo muchepetse liwiro musanalowe pakona osati muli kale m'kati mwake. Musachoke kumanzere kwa msewu ngakhale mukuona ngati kutsogolo kulibe kanthu. Valani chipewa choteteza mutu. M'nyengo ya chiperoni, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nkhungu imabisa msewu m'madera okwera, ndipo m'dzinja miyala ndi matope zimagumukira pa tala. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita m'misewu ya kummwera mu 2023 sangatsike phiri asanafunse anthu a m'deralo. Safunsa anadya phula.

Tikumbukirenso kuti misewu imeneyi si bwalo lathu lamasewera. Tsiku ndi tsiku mumadutsa abale athu okankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala, nkhuni ndi chimanga, amene amakwera zitunda zomwezi pofuna chakudya cha ana awo. Tiwapatse njira, tiwapatse moni, ndipo tiwafunse za msewu, pakuti palibe mapu amene amadziwa kona iriyonse kuposa iwo.

Aphunzitsi, tengani mapu a dera lanu, muyeze ndi ophunzira anu chitunda chimene chiri pafupi ndi sukulu, ndipo mutilembere zimene mwapeza. Sabata yamawa tidzakamba za chakudya choyenera wopalasa ulendo wautali.