Kodi Tikupita Patsogolo? Kope Litiuze

Amayi anzanga, tsiku lina pamsonkhano wa gulu lathu ndinafunsa kuti, "Kodi chaka chino mwapindula kuposa chaka chatha?" Onse anavomera mokondwa, pakuti kachewere anabereka bwino ndipo ndalama zinachuluka pansonga ya chitenje. Koma nditafunsanso kuti ndi angati amene anatha kugula feteleza wokwanira munda womwewo, onse anangoti zii.

Kunena zoona, ndalama imanyenga maso. Mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Motero mayi wa ku Bembeke angathe kulandira ndalama zambiri pa ndowa ya kachewere kuposa kale, koma sopo ndi mchere zimene abwera nazo kunyumba n'kukhala zochepa. Muyeso woona ndi uwu: kodi ndigulitse ndowa zingati kuti ndigule thumba limodzi la feteleza? Ngati chaka chatha zinali zochepa kuposa chaka chino, ndiye kuti tabwerera m'mbuyo.

Boma nalo siliyenda mongoganizira. Ofesi yake yowerengera anthu ya ku Zomba inachititsa kalembera mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo 84 mwa 100 alionse anali okhala kumidzi. Tauni yathu ya Dedza, imene mu 2008 inali ndi anthu pafupifupi 20,000, inapezeka ndi anthu oposa 30,000. Koma walira mvula walira matope: anthu akachuluka, mzere wa pamadzi umatalika, lendi imakwera, nkhuni zimatalikira. N'chifukwa chake alembi a kalembera sanangowerenga mitu ya anthu. Anafunsanso kumene timatunga madzi, chimene timaphikira, chimene timaunikira usiku, mtundu wa chimbudzi ndi wa denga. Mayankho amenewa ndiwo amaonetsa ngati moyo wa m'tauni ukukomadi.

Tsono ifenso tichite chimodzimodzi pakhomo pathu. Gulani kope laling'ono. Tsamba lakumanzere likhale la ntchito: ndowa za mbewu zimene mwabzala, feteleza amene mwathira, ndalama za aganyu, ndi matumba amene mwakolola. Inu a m'tauni ogulitsa mandasi kapena tomato, lembani zimene mwapikula, zimene mwagulitsa ndi zimene zaonongeka. Tsamba lakumanja likhale la moyo wa banja: nthawi imene mumataya kotunga madzi ndi kotola nkhuni, masiku amene mwana wajomba kusukulu chifukwa cha matenda, ndi mwezi umene chimanga chatha m'nyumba.

Masamba awiriwa aziwerengedwa pamodzi. Ngati matumba achuluka koma mtsikana wasiya sukulu kuti azikusenzerani katundu kumsika, phindu limenelo lili ndi ngongole. Ngati zokolola sizinasinthe koma njala ya mu Febuluwale sinalowe m'nyumba mwanu, mwapita patsogolo ndithu.

Amene dzanja silinazolowere pensulo asachite manyazi. Mwana wa sukulu angathe kumulembera madzulo. Pakutha pa chaka, khalani pansi ndi bambo a kunyumba, muwerenge kopelo musanagwirizane za munda wa chaka chamawa. Kenaka mubwere nalo kugulu, kuti pamene tikukaonana ndi alangizi kapena a khonsolo tizikalankhula ndi manambala m'manja.